Mjigo wa kwa Alamu

Kwa zaka zambiri ntchito yanga inali yoyeza fulorayidi m'madzi a m'mijigo. Ndi mchere wochokera m'miyala ya pansi. Suoneka, sununkha, koma ukachuluka umawononga mano a ana. Kulabu, kumene tinkayezera madziwo, tinali ndi kandodo kotchedwa elekitirodi. Umakaviika m'madzi, kenako n'kumayang'ana makina mpaka nambala ikhazikike. Kudikira kumeneko kunanditopetsa kuposa kulima.

Chaka china anandituma kumapiri a ku Ntchisi kukatenga madzi. Mjigo umodzi unali wa m'mudzi momwe achimwene anga anakwatira. Ndinafikako masana, njinga yamoto itandizunza kuyambira pa Mponela, msana ukuwawa, fumbi mpaka m'makutu. Alamu anga, akazi awo a achimwene, anandilanda mabotolo, khanda lili kumsana.

"Khalani pansi alamu. Inu mpaka kupita kumjigo? Anthu atiseka. Ndikutungirani ine."

Lamulo la ntchito limati upope kaye mjigo, utunge wekha. Ndinkalidziwa bwino lomwe. Koma ndinavula nsapato n'kukhala pamkeka.

Kulabu nambala inatuluka yotsika. Ndinalemba kuti madziwo alibe vuto, ndinasaina.

Patapita zaka, ndinapitanso kumudziko ku ukwati. Khanda lija linali litakula, mtsikana wa kupulayimale, koma akamaseka ankaphimba pakamwa ndi dzanja. Nditamuuza kuti achotse dzanjalo, ndinaona mano a mawanga ofiirira, okumbikakumbika. Anzake ambiri analinso choncho. M'mawa mwake ndinakapopa ndekha pamjigo paja. Kulabu nambala inakwera kupitirira muyezo, ndinabwereza katatu, osasintha.

Ndinabwerera kukafunsa alamu za tsiku lija.

"Aa, madzi a pamjigo paja ndi olemera pakamwa," anatero. "Ndikanakupatsani amenewo kuti mukaonetse mabwana anu kutauni? Ndinakuthirirani a mvula, a mumtsuko, ndinachita kusefa ndi kansalu."

Ananena monyadira. Ndinafuna kukalipa, koma ndikalipire ndani? Wophunzira ndinali ine.

Mjigowo anautseka, anthu anayamba kutunga kutsidya kwa dambo. Tsiku lonyamuka mtsikanayo anandiperekeza mpaka pamsewu, atandinyamulira chikwama. Tikusiyana anayang'ana pansi n'kufunsa motsitsa mawu.

"Bambo aang'ono, kulabu kwanuko kuli mankhwala otsukira mano ngati angawa?"

Ndinamuyankha kuti ndikafunsa, ngakhale ndinkadziwa kuti kulibe.