Mzere wa pabwalo pa Esinati

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, ngati kunali kugona kumene. Amunafe tinachezera panja pamoto, mabulangete m'mapewa, poti mphepo ya mu Juni kuno ku Pembamoyo sichitira munthu chisoni. M'nyumba amayi a mpingo ankaimbabe, mawu atasasa. M'menemo ndi mmene munagona mlongo wanga Esinati.

Anafa pa ngozi ya lole imene ankayendetsa mwamuna wake yemwe, alamu anga aPitirosi. Loleyo inali ya mmwenye wina wa sitolo, inkatuta mtedza kupita nawo ku tauni ya Foti Jemusoni. Esinati anakwera pamwamba pa matumba kuti akagulire ana nsalu. Pa kamlatho ka ku Mlolo lole inaphonya matabwa n'kugubuduka, matumba onse pa iye. Alamu anatuluka opanda ndi bala lomwe.

Apolisi atafika anawanunkhiza m'kamwa, mowa osaumva. Kenaka mzungu wawo analemba mzere mumsewu ndi ndodo, nati alamu ayende pamenepo. Anayenda bwinobwino, kupita ndi kubwera. Basi anawasiya, mlandu n'kugwera mabuleki. Koma ine ndinkadziwa, ndi ena ambiri m'mudzi, kuti alamu sankagwira chiwongolero asanasute chamba. Ankati chimathamangitsa tulo. Nanga chamba chimadzandiritsa munthu ngati kachasu? Esinati anandidandaulira kangapo, ine n'kuwalankhula, iwo n'kungondiseka.

Tsono mwini mbumba ndine. Mawu ouza anthu chimene chatenga mlongo wathu anayenera kutuluka pakamwa panga. Ndikatchula chamba, alamu akalowa ndende, ana atatu n'kutsala opanda mayi, opanda bambo. Ndikanena za mabuleki, ndiye kuti ndanama mtembo wa mlongo wanga uli pomwepo. Mtima unkandiwawa, ndipo kunena zoona ndinali nditakwiya kwambiri.

Kutayera, amayi anasonkha moto kuseri kwa nkhokwe, utsi ukukwawa pansi chifukwa cha mphepo. Anthu anayamba kufika. A ku Zingalume anabwera pa ngolo ndi nkhuni, ena wapansi, malichero a ufa pamutu. Amayi ankayamba kulira akangoona denga la nyumba, amuna n'kuvula zipewa, kukhala pansi mwakachetechete. Dzuwa litakwera pang'ono panafika wapolisi mmodzi pa njinga, wa kabudula, miyendo yotuwa ndi fumbi. Anati amutuma kudzaona kuti mtembo waikidwa. Anakhala pa chitsa pafupi ndi amuna, moti mawu alionse akanawamva. Pamenepo ndinatsimikiza mumtima kuti ndinena za mabuleki. Anawo ndinawaganizira.

Alamu anakhala pakhonde chiweramire. Chifikireni maliro sanadye, sanalire.

Cha kumasana adzukulu anabwera kuchokera kumanda, dothi lofiira mpaka m'mawondo. Awa ndi anthu a mudzi wina amene amatikumbira manda, ifenso timawakumbira. Pamaliro mdzukulu sakwiyiridwa. Angagwire nkhuku yako, angakunyoze pagulu, iwe n'kungoseka. Anatulutsa bokosi n'kuliika pamphasa pakhomo. Mlaliki asanatsegule buku, mdzukulu wina wachikulire, wa mano awiri okha, anatenga mpini wa khasu n'kulemba mzere pabwalo, kuchokera pakhonde pamene panali alamu mpaka pa bokosi.

"Adalaivala, tamva kuti mumatha kuyenda pamzere," anatero. "Tayendani, ifenso tione zimene anaona mzungu."

Ena anaseka pang'ono, poti ndiwo mwambo wake. Ine sindinaseke. Ndinkafuna kumuletsa, koma mdzukulu ungamuletse bwanji?

Alamu anaimirira. Anaponda pamzere, phazi kutsogolo kwa linzake, mowongoka ngati tsiku lija. Atafika pakati anadzutsa mutu n'kuona bokosi. Anakhala pansi pafumbi pomwepo.

"Mabuleki analibe kanthu," anatero, osakweza mawu. "Ndinasuta. Esinati anandiletsa tisananyamuke, ine ndinamukalipira."

Mayi wina anayamba kulira, anzake n'kulandira. Itafika nthawi yanga yolankhula, ndinangoti anthu amva okha, ine ndilibe choonjezera. Ndinathokoza obwera ndi adzukulu, n'kukhala pansi. Sindibisa, mkwiyo wanga unathera pamenepo, panangotsala chisoni.

Tinanyamuka mphepo ikuwombabe. Adzukulu anali patsogolo ndi bokosi, amayi pambuyo akuimba. Potuluka pabwalo ndinaona kuti anthu akuulambalala mzere uja, palibe anaupondapo. Njira ya kumanda imadutsa m'minda imene tinali titangokumba mtedza, ndipo masangwi anali akadali milumilu. Wapolisi ankakankha njinga yake kumapeto kwenikweni. Sanawagwire alamu. Anawalola kuponya dothi, anadikira mpaka adzukulu ataumba mtumbira, mlaliki n'kutseka ndi pemphero.

Pobwerera ndi pamene anawaitanira pambali. Alamu anapempha kuti atsanzike ana, iye anavomera. Kwa ine anangoti, "Alamu, anawo ndi anu kale." Unyolo anawamanga atapitirira nyumba yomaliza, ndinaona ndili patali. Kuboma anakawalamula kukhala m'ndende, laisensi n'kulandidwa, ndipo sanadzagwirenso chiwongolero moyo wawo wonse. Koma izo zinachitika pambuyo pake.

Madzulo a tsikulo anthu akutali anabalalika. Ngolo ya ku Zingalume inapita, moto wa kuseri unazilala. M'nyumba munatsala azakhali awiri, akulankhula monong'ona. Ana akuluwo anagona osadya. Ine ndinakhala pakhonde, pamalo pomwe panali alamu.

Kamtsikana kotsiriza ka Esinati, kamene kanali kasanayambe ndi sukulu yomwe, kanatuluka m'nyumba. Kanapita pa mzere uja, kanatambasula manja, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo pamene panali bokosi la mayi ake. Kanatembenuka kakumwetulira.

"Amalume, mwaona? Ine sindinagwe."

Ndinakauza kuti ndaona. Pabwalo la maliro sasesa tsiku lomwelo, koma nditakalowetsa m'nyumba ndinabwerera panja n'kuufafaniza mzerewo ndi phazi.