Chitenje Chonyowa cha a Januario

A Januario ndinawadziwa mu 2009, nthawi imene ndinkayenda ndi chikwama kugulitsa ma CD osajambula m'misika ya ku Bangwe ndi ku Ndirande. Anali ndi kashopu ka malata pafupi ndi siteji ya minibasi ku Bangwe, momwe ankakonzera mavidiyo a makwaya ndi a maukwati. Kwawo n'ku Nsanje. Anabwera m'tauni kudzagwira ntchito pafakitale ina, ndipo itatsekedwa anagula kompyuta yakale ku Limbe. Banja lonse linkadalira kompyuta imeneyo.

Vuto lake linali kuchedwa. Vidiyo imodzi inkatha tsiku lonse, magetsi akazima pakati n'kuyambiranso. Choncho iwo anakweza liwiro la pulosesa, ubongo wa kompyutayo, kupitirira pamene opanga anaika. Inayambadi kuthamanga, koma inkatentha mpaka kuzima yokha.

Anachotsa chitseko cha m'mbali mwa kompyutayo. Pulosesa inali ndi fani yakeyake, koma tizipangizo takuda toizungulira pabodi yaikulu ya m'katimo, tomwe timaipatsira magetsi, tinalibe choziziritsa. Ukatikhudza, chala chinkapsa. Anapita kwa okhoma ndowa ku Ndirande, omwe anawadulira tizidutswa ta aluminiyamu, iwo n'kutimata pamwamba pake. Ine ndinawapezera mafani awiri akale.

"Madala, apa ndiye mwapanga ndege," ndinawauza.

"Ndege ya ku Nsanje, mphwanga. Imauluka thukuta lili kamukamu."

Pofika mu Okutobala 2012, makwaya ambiri anali atayamba kupita kwa anyamata a malaputopu ku Limbe. Inatsala ndi kwaya ya ku parishi kwawo. Wapampando wake, mayi Teresa, sanabise mawu pobweretsa ntchito.

"A Januario, tikukupatsani chifukwa ndinu akwathu. Mukachedwanso ulendo uno musadzatidandaule."

Mwezi umenewo malata ankachita kulira ndi dzuwa, ndipo kompyuta inkazima nyimbo isanafike pakati. Apa a Januario anachita zimene amachita kwawo kukatentha: kunyowetsa nsalu n'kuipachika pamene pakudutsa mphepo. Anatenga chitenje cha akazi awo, mayi Ursula, anachiviika m'ndowa, n'kuchipachika kutsogolo kwa kompyuta yotsekulayo. Kuseri kwake anaika fani yaikulu ya m'nyumba.

Ndinawapeza akuchinyowetsanso.

"Kodi madala, madzi ndi magetsi zinayamba liti chibale?"

"Madzi ali pansalu, sali pabodi. Taona nambalayo."

Nambala yosonyeza kutentha inali itatsikadi kuchoka pa 78 kufika pa 64. Kompyuta inkayenda osazima. Pobwerera ndinali ndikuganiza kale zokhomera nsalu m'timafelemu kuti ndizigulitsa m'mashopu a intaneti.

Koma m'kompyutamo munali fumbi la ku Bangwe la zaka zambiri. Linamwa chinyezi pang'onopang'ono mpaka linasanduka matope. Kutatsala nyimbo ziwiri, kunamveka kuthetheka, kenako fungo la pulasitiki yopsa. Titatulutsa bodi ija tinapeza pafupi ndi pulosesa pali dzimbiri lobiriwira, kachipangizo kamodzi kataphulika.

Disiki yosunga zithunzi inapulumuka. Mayi Teresa anabwera kudzaitenga, anaikulunga m'mpango.

"Pepani achimwene, anthu akudikira."

Anawoloka msewu n'kukwera minibasi ya ku Limbe. A Januario ankangomatula tizidutswa ta aluminiyamu tija pabodi yakufayo, n'kumatiika m'thumba la malaya.

Ndinawalonjeza kuti ndipeza bodi ina. Ndinayenda ku Limbe, ku Chemusa, mpaka ku Zingwangwa. Okonza makompyuta ankandiseka: "Za mtundu umenewo tinataya kalekale, ase." Imene inapezeka inkafuna pulosesa yatsopano ndi zina zonse zatsopano, kutanthauza kugula kompyuta ina.

M'kashopu kaja tsopano muli wometa. A Januario amalondera nyumba ina ku Soche, ndipo amapita wapansi. Ine ma CD ndinasiya, ndimagulitsa machaja a foni. Tsiku lina tinakumana panjira, ndinawauza kuti ndamva za laputopu yotsika mtengo, tikhoza kuyambiranso limodzi.

Iwo anandiyankha kuti:

"Mphwanga, maso anga sakuonanso timalemba tating'ono ta pakompyuta tija. Ndisiye ndipite, abwana sakonda ochedwa."