Phala lotentha pakati

Maikulowevu ija, makina amagetsi otenthetsera chakudya, inafika pakhomo pathu pa njinga yamoto, itakulungidwa m'bulangete ngati wodwala. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Namitete, m'nyumba ya lendi kuseri kwa chigayo, ndipo mwana wathu woyamba anali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Amuna anga ndi alangizi a zaulimi. Anaipatsidwa ndi mnzawo wina amene ankasamuka pa esiteti ya fodya. Anaikhazika patebulo m'khitchini, n'kundiponyera kabuku kake ka Chingerezi.

"Amake mwana, inu ndi a satifiketi ya makompyuta. Uyu ndi m'bale wake wa kompyuta, werengani mutiuze."

Ndinawerenga kabukuko kawiri konse. Osaikamo chitsulo chilichonse, kaya supuni, kaya mbale ya mkombero wonyezimira. Osaiyatsa mulibe kanthu. Osaikamo dzira losaswa. Ndipo chakudya cha mwana uzichitakasa, udikire pang'ono, ulawe, chifukwa makinawa satenthetsa mofanana, pena pamapsa pena pali pozizira. Ndikunena zimenezi kuti pasapezeke wondikhululukira kuti sindinkadziwa. Ndinkadziwa.

Ine ndine munthu wosakhazikika mtima. Mwana akayetsemula ndimayamba kuganiza za chibayo. Ndiye maikulowevuyo ndinkaisamala mopitirira. M'mawa uliwonse ndinkaizula kumagetsi, n'kupukuta m'kati ndi kansalu konyowa, makamaka m'mphepete mwa chitseko momwe phala limakonda kuumira. Ndinkachotsa mbale yagalasi imene imazungulira ija, ndi kamkombero ka timateyala titatu kamene kamakhala pansi pake, n'kuzitsuka, n'kukaziyanika pathandala. Magetsi ankathimathima masiku amenewo, ndipo ine ndinkawadziwira kuchigayo. Chigayo chikamalira, magetsi alipo. Chikangoti zii, basi, kasake makala. Ndinkakhala tsiku lonse khutu limodzi lili kuchigayo.

Amayi anga anali atabwera kuchokera ku Nsaru kudzakhala nafe sabata ziwiri. Makinawo sanawakonde. Ankawatcha "kanema wanu wophikayo," ndipo ndiwo zawo ankafunditsa okha pambaula. Ndi amuna anga ankalemekezana monga mkamwini ndi apongozi ake amachitira kwathu. Sakhala chipinda chimodzi, sayang'anana kumaso, mawu ambiri ankadzera mwa ine.

Lolemba amuna anga anapita ku Kabudula kukaona minda ya makalabu a alimi. Anati abwera tsiku lomwelo, koma kunagwa mvula, msewu unasanduka phala, ndipo anaimba foni kuti agona komweko mpaka msewu uume. Lachiwiri masana amayi anapita kukazonda mnzawo wodwala. Ndinatsala ndi mwana, akulira njala kumsana kwanga. Chigayo chinayamba kulira modukizadukiza, ndipo ndinadziwa kuti magetsi atsala pang'ono kupita. Ndinathamangira kuthandala, n'kutenga mbale yagalasi yokha. Kamkombero ka timateyala ndinakaiwala komweko. Ndinaika kambale ka phala la mgaiwa lothira nsinjiro lotsala m'mawa, n'kudina miniti imodzi. Ndinamva kuti makinawo akulira mosiyana ndi masiku onse, mbale ikungonjenjemera osazungulira, koma sindinaime kuti ndiganize. Ndinaonjezeranso theka la miniti.

Supuni yoyamba ndinatunga m'mphepete, n'kulawa ndi milomo yanga monga mayi aliyense amachitira. Linali lofunda bwinobwino. Sindinatakase. Supuni yachiwiri ndinatunga pakati, ndipo imeneyo sindinalawe.

Mwana anayamba wakhala chete, maso atatong'ola, kukamwa kuli yasa. Kenako kulira kunabwera, kwa mtundu umene ndinali ndisanaumvepo. Ndinamukolopola phalalo ndi chala, ndipo linanditentha ine yemwe. Ndinamumwetsa madzi ozizira pang'onopang'ono. Nditayang'ana m'kamwa, kumwamba kunali kofiira, palilime pali kathuza koyera.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndi zimene zimandivuta kunena. Mwana asanasiye n'komwe kulira, ndinakataya phalalo kuti nkhuku zidye, ndinatsuka kambale, ndinathamangira kuthandala kukatenga kamkombero kaja n'kukabwezera m'malo mwake. Amayi atabwera anapeza khitchini ili mbee.

"Akulira chiyani mwanayu?"

"Kaya, mwina ndi mano," ndinatero.

Mwana anakana bere. Akangoyamwa kawiri ankalisiya n'kukuwa. Dovu linkangotuluka. Ndinkadzifinyira mkaka m'kapu mobisa, n'kumamumwetsa ndi kasupuni, timadontho tokha. Lachitatu madzulo amuna anga anafika, matope mpaka m'mawondo. Anasamba m'manja, n'kumunyamula mwana, ndipo mwanayo analira mpaka kudzipinda. Amayi anali pamkeka pakhonde, akusenda mtedza. Ndinaona kuti manja awo aima.

Lachinayi m'mawa anandiitanira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thandala lomwelo.

"Iwe, ine ndabereka ana asanu ndi mmodzi. Awa si mano. Mwanayu wakumana ndi chotentha."

Mumtima ndinati basi, aona m'kamwa muja, kapena wina wawauza za phala la nkhuku.

"Amayi, ine sindinafune kuti..."

"Si iwe. Iwe ndakhala nawe pano sabata yonse, ndikukuona. Kodi akamwiniwa masiku awiri aja anagona kuti?"

Apo m'pamene ndinamva chimene ankatanthauza. Sankanena za phala. Kwathu munthu amene wagona ndi wina amatchedwa wotentha, ndipo bambo akapita kwa mkazi wina mwana ali wamng'ono, amati wamutsempha mwanayo. Mwana amakana kudya, amanyentchera, ena amatupa. Amayi ankanena kuti amuna anga ali ndi chibwenzi ku Kabudula.

"Komatu amayi, mwana wayamba kukana bere iwo asanabwere."

"Tsempho sadikira njinga yamoto. Zikachitika uko, kuno mwana wamva kale."

Ndiyenera kunena zoona, mtima wanga unapepukidwa. Mlandu unali utachoka pa ine n'kukagwera munthu wina, ndipo ine ndinauleka kuti upite. Choipa kwambiri n'chakuti tsiku lomwelo, ndikuchapa matewera, ndinadzipeza ndikudzifunsa kuti koma n'zoona, ku Kabudulako anagona kwa yani? Ine amene ndinatunga supuni ija ndi dzanja langa.

Kuyambira pamenepo amayi sanalolenso kuti amuna anga amugwire mwana. Akangoti atambasule manja, amayi ankaitana ali pakhonde: "Iwe, bwera naye kuno mwanayo, ndimusambitse." Anamusambitsa katatu tsiku limenelo. Masana anabwereka foni yanga n'kuimbira amalume, amene ndi ankhoswe a ukwati wathu, kuti Loweruka abwere. Ine ndinkangozungulira m'nyumba. Ndinapukuta maikulowevu ija kanayi, ili yoyera kale. Ndinkatsegula chitseko chake, n'kuzunguza mbale yagalasi ndi chala, n'kutseka. Ndinkamuyang'ana mwana m'kamwa amayi akangotuluka. Kathuza kaja kanali kataphulika, pali kabala kakang'ono. Matewera onyowa ankachepa, ndipo ndinkadziwa tanthauzo lake.

Amuna anga anabwera kuchokera kuntchito dzuwa likadalipo. Sanavule n'komwe nsapato.

"Amake mwana, amalume anu andiimbira. Akuti Loweruka ndisachoke, pali nkhani. Kodi ndalakwa chiyani?"

"Amayi akuti mwana watsemphedwa."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Ndinagona pabenchi mu ofesi, nditafunda lenikoti. Udzudzu wa ku Kabudula ndi umene ungandichitire umboni. Nanga inuyo mukuti chiyani?"

"Ine sindinanene kanthu."

"Eya, ndamva. Simunanene kanthu."

Anakhala pampando n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato pang'onopang'ono. Atamaliza anati, "Za ine tiziona Loweruka. Koma mwanayu mawa m'mawa tikupita naye kuchipatala. Masiku atatu osayamwa bwino si zodikira ankhoswe."

Ndinadziwa kuti kuchipatala chinthu choyamba adzamutsegula kukamwa. Ndikanakonda kulemba kuti ndinaulula chifukwa cha nkhope ya amuna anga. Mwina zinathandizako. Koma chimene chinandikankha kwenikweni chinali chakuti namwino akanandiulula pamaso pawo.

Lachisanu m'mawa chigayo chinali chikulira. Ndinaphika phala, n'kulisiya kuti lizizire. Kenako ndinawaitana onse awiri kukhitchini. Popeza sangaime m'chipinda chimodzi, amayi anaima pakhomo, amuna anga panja pawindo. Ndinachotsa kamkombero ka timateyala onse akuona, n'kuika kambale, n'kudina miniti ndi theka. Mbale inanjenjemera osazungulira, ngati tsiku lija. Nditatulutsa ndinapita nako kwa amayi.

"Pisani chala m'mphepetemu."

Anapisa. "Lofunda. Ndiye?"

"Tsopano pakatipa. Pang'ono pokha."

Anangokhudza n'kuchotsa chala msanga, n'kuchiika m'kamwa.

"Chotentha chimene mwana wakumana nacho ndi chimenechi," ndinatero. "Lachiwiri, inu muli kokazonda odwala. Ndinamupatsa ndine. Sindinatakase, sindinalawe. Ali ndi bala palilime."

Amayi anamumasula mwana kumsana kwawo, n'kupita naye pabwalo pomwe pali kuwala, n'kumutsegula kukamwa ndi chala chaching'ono. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Dzulo lonse ukundionerera ndikumunamizira mwana wa eni ake," anatero osandiyang'ana. "Ndaitanitsa mpaka achimwene ku Nsaru. Kusukulu kuja anakuphunzitsa zimenezi, eti?"

Kenako amayi anachita chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Anazungulira nyumba mpaka pawindo paja, anagwada pang'ono, nkhope atayang'ana kumbali, n'kumuika mwana m'manja mwa amuna anga ndi manja awo.

"Akamwini, landirani mwana wanu. Pakamwa panga panathamanga."

"Palibe kanthu, amayi," anatero amuna anga. Ine sanandiyang'ane.

Kuchipatala namwino anati bala likupola, koma mwana wayamba kuchepa madzi m'thupi. Anatiuza zomumwetsa, ndi kuti phala likhale lozizira ndi lamadzimadzi kwa masiku angapo. Anandifunsa chifukwa chimene sindinabwere tsiku lomwelo. Amalume anaimbiridwa ndi amayi eniake kuti asavutike kubwera.

Pobwerera tinkayenda wapansi, amuna anga akukankha njinga yamoto chifukwa mwana anali atagona ndipo sanafune kumudzutsa. Titafika pafupi ndi chigayo anaima.

"Amake mwana, ndifunseko chimodzi. Ndikanapanda kunena za kuchipatala, amalume n'kufika Loweruka, tonse titakhala pamkeka, mukananena?"

"Ndikananena," ndinayankha msanga.

Anagwedeza mutu n'kupitiriza kukankha njinga.

Mwana anayambanso kuyamwa Lamlungu. Pano ali ku sukulu ya mkaka, ndipo palilime pake palibe chipsera chilichonse, ndayang'anapo kambirimbiri. Maikulowevu ikadalipo. Ndisanayatse ndimazunguza mbale ndi chala kuti ndimve timateyala, ndikatulutsa ndimatakasa, ndimadikira, ndipo ndimalawa zapakati. Amuna anga sanadzaitchulenso nkhaniyi. Koma akachedwa kumunda amaimba foni, n'kunena komwe ali ndi amene ali nawo, mwatsatanetsatane, ngati akupereka lipoti, zimene kale sankachita. Ndikamamvetsera ndimakumbukira funso lawo lija pachigayo. Ndinawayankha kuti ndikananena. Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinanena zoona.