Tsiku limene motoka inandiyamwa dzanja

Chaka chimene makampani a boma anali kugulitsidwa, amuna anga anawachotsa ntchito. Ndalama zowatsanzika nazo anagulira motoka ya ku Japan, yoyera mbee, kuti azinyamula anthu ngati takisi. Pakhomo ponse tinkadyera pamenepo. Motoka yake yopanda phokoso, kungopotoza kiyi, shiii, yalira kale.

Ndiye kunabwera mvula ya ku Kanyama, komboni imene tinkakhala. Kuja madzi alibe kopita, pansi ndi mwala wokhawokha. Analowa m'nyumba, analowanso m'motoka mpaka m'mipando. Ataphwa, motoka zii.

Makanika woyamba anasuzumira n'kupukusa mutu. "Amai, iyi motoka ili na kompyuta, kabokosi. Ndiye bongo wake. Ndiko kauza injini petulo yakumwa na nthawi yoyatsa moto. Kamwa manzi, kafa."

Tinakafuna tauni yonse, kulibe. Amuna anga anangokhala panja kuyang'ana motoka ija. Kudya pang'ono, kulankhula ayi. Munthu wamkulu kumafota ine ndikuona! Ndinkaopa kuti adzatsogola iwo motoka isanadzuke.

Tsiku lina anthu a kutchalitchi anatibweretsera makanika wina, Mbemba wa ku Copperbelt, naye wochotsedwa ku migodi. Pakamwa ngati wailesi. Paja ife akum'mawa ndi Abemba timanyozana mwachibale, palibe kukwiya.

"Imwe bakudya mbeba, mulilira chani?" anatero akulowa. "Bongo? Imwe muli nawo bongo? Koma muyenda!"

Ine ndinati, "Iwe wodya anyani, ukaiwononga ndikuphika ndi ovolosi yako yomweyo."

M'thumba la saka anatulutsa zitsulo ziwiri zakuda bii, zochotsa ku motoka yakale yakufa. China ngati kampoto kokhala ndi khosi. "Aka ni kabureta, kasakaniza petulo na mphepo." China ngati kapu yomera nthambo. "Iyi ni disitibyuta, igawira mapulagi moto, mmodzimmodzi, monga mai agawira bana nyama."

Abale, ndinaona zinthu. Munthu uja anazula mawaya m'mimba mwa motoka, kuunjika pansi ngati matumbo a mbuzi. Kabureta anakana kukhala, mabowo osagwirizana. Iye anatenga chitsulo chaphanthiphanthi, kucheka ndi sowo, kupala, kuboola, mpaka chinakhala ngati chinabadwira pomwepo. Pakati anaika katoni wa bokosi la nsapato kuti mphepo isamabe njira. Pampu ya petulo anati ili ndi ukali, imiza kabureta, anaikapo kena kakang'ono kongoti tiki tiki tiki.

Kenaka anaitana amuna anga. "Bamudala, nyamukani. Nkhalani pa kiyi."

Ananyamuka ngati munthu wochokera kuchipatala. Anapotoza. PHAA! Lawi la moto kutuluka pakamwa pa kabureta. Azimayi ogulitsa tomato pamseu kumwazika. "Bapolisi! Baombela!" Wina anathawa ndi beseni, mwana kumusiya. Mbemba uja nsidze zonse zapsa.

"Wasemphanitsa nthambo, nyani iwe!" ndinakuwa, ngakhale sindinkadziwa kanthu.

"Ni maso yanu ya ufiti," anatero, koma ndinamuona akuzula nthambo ziwiri n'kuzisinthanitsa mwakachetechete.

Amuna anga anayesanso, injini kungoti nye nye nye, osagwira. Mbemba uja anandiyang'ana manja.

"Bambuya, bweletsani chikwanja chanu cha fosholo. Valani apa pakamwa, ikoke petulo."

"Pamene patuluka moto paja? Wapenga?"

"Mufuna bamudala bayende olo bankhale?"

Ndinatseka maso, ndinaika chikhato pa kabureta kutseka pakamwa paja. Amuna anga anapotoza kiyi.

Mayo ine! Chitsulo chinandiyamwa. Kukoka chikhato, fyu, fyu, fyu, ndendende mwana wanjala akapeza bere. Petulo wozizira kunyowetsa dzanja. Ine ndayamwitsa ana ambiri, koma kuyamwidwa kotere ndinali ndisanakumvepo. Chinthu chimene tinati chafa, chikupuma m'dzanja langa!

"Chosani!"

Ndinachotsa. Gudu, gudu, gudugudugudu, yalira! Koma ikunjenjemera ngati ya malungo. Mbemba uja anasiya nthabwala. Anagwira disitibyuta, khutu pafupi ndi injini, n'kumaipotoza pang'onopang'ono ngati wofuna siteshoni pa wailesi. Akapita uku, injini ikutsokomola. Akabwerera uku, ikuthamanga wefuwefu. Anaima pakati, n'kumanga. Inayamba kulira bwino, mawu aakulu, achimuna, osati shiii wa ku Japan uja. Anthu onse amene anathawa anali atabwerera, atazungulira. Ine dzanja ndinali ndikali nditalikweza m'mwamba, likudontha petulo.

Pomwepo ndinamva mawu amene ndinawasowa nyengo yonse ya mvula.

"Amake ana! Chotsani ndowa zanu panjirapo, anthu akudikira ku siteshoni!"

Anatuluka ndi motoka, patapata kuphazi, matope kuwaza uku ndi uku. Mbemba uja pambuyo liwiro, akukuwa, "Bamudala! Imani! Masipanala yanga yali mukati!"