Mayi Kuang ndi Batani la Dokotala Pang

Mayi Kuang Shulan a mumzinda wa Kunming adadyetsa anyani pa malo ofufuzira za ubongo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo sadakhulupirirepo munthu wovala khoti loyera. Kale ankasankha fodya ku fakitale, kumene adaphunzira kuti tsamba lokongola pamwamba limabisa lowola pansi.

Chaka china kudabwera dokotala watsopano, Pang Ruihai. Iye adabaya mankhwala mu ubongo wa nyani wamkazi wotchedwa Douzi, n'kulowetsamo kachingwe kowonda ngati tsitsi. Akadina batani, kuwala kwa buluu kunkalowa m'mutumo, nyaniyo n'kuponya maso kumanzere, n'kulandira kadontho ka juwisi. Onse ankawomba m'manja, kupatula mayi Kuang.

"Amayi, tsinya lonseli bwanji?" adafunsa Pang. "Mwaona nokha kuti kuwalaku ndiko kukumutembenuza maso!"

"Ndaona nyani wadyera," adayankha mayiwo. "Ameneyu ndamulera ine, adokotala. Ndikatsegula kabati ya maapozi amamva ali kuseri kwa makoma awiri. Batani lanulo limalira kuti tha! Mukuyesa ndi gonthi?"

"Ndiye mukuti ndikunama?"

"Ayi. Ndikuti muno wina akupusitsa mnzake, koma sindinadziwe kuti ndani."

Pang adaseka, koma m'mawa mwake adazula chingwe cha kuwala n'kudina batani. Tha! Douzi adayang'ana kumanzere, kukamwa yasa, kudikira juwisi. Ntchito ya miyezi isanu idalowa m'madzi.

Masabata awiri dokotalayo sadawapatse moni. Mayi Kuang adaganiza kuti wawaneneza kwa abwana, moti tsiku lililonse ankaweruka atanyamula fulasiki yawo ya tiyi, kuopa kuti mawa awabweza pageti.

Sadawabweze. Kudabwera batani losalira, ntchito idayambiranso. Kuwala kukayaka Douzi ankatembenuzabe maso, koma pang'ono, osatinso nthawi zonse. Pang adawabweretsera mayiwo phukusi la tiyi. Iwo adayamba alinunkhiza.

"Pano mwakhulupirira?" adafunsa dokotalayo.

"Za nyaniyu, eya. Nanga mukathana naye, kuwalako mudzakulowetsa m'mutu mwa yani?"

"Mwa odwala matenda onjenjemera, zikatheka."

"Mudzayambe ndi wanu, ine ndidzadine."

Mayi Kuang adapuma pantchito patatha zaka ziwiri. Wolowa m'malo mwawo adamusankha okha, atakana atatu. Mmodzi adamukana chifukwa ankamwetulira kwambiri.