Mayi Wokwirira Maenje ku Mbungo

Mayi Tiyese Bauleni a ku Mbungo, mudzi wa pachilumba, ankadziwika ndi ufa wa kondowole woyera mbee. Monga amayi ena onse, ankakumba dzenje pamchenga, kuviikamo chinangwa, chikafewa n'kuvuula. Dzenjelo ankangolisiya n'kukakumba lina.

Malungo anali atawalanda kale ana awiri. Pa 9 Malichi 1997 anawalandanso mdzukulu woyamba, mwana wa Lucy, mwana wawo yekhayo amene anatsala.

Kumapeto kwa 2001 Lucy anaimanso. Pa 14 Januwale 2002, a Marian, azaumoyo ochokera ku Nkhotakota, anatunga madzi amvula m'dzenje lina lakale n'kuwaonetsa timphutsi togona chopingasa pamwamba pa madzi.

"Amayi, awa ndi ana a anofelesi, udzudzu uja umaluma utaloza matako kumwamba. Ndi umene umabweretsa malungo."

"Ndiye ndakhala ndikuweta mfiti pakhomo?" anatero mayi Tiyese.

Tsiku lomwelo anatenga khasu. Atatha kukwirira maenje awo, anayamba a eni ake osapempha.

"Odi a Tiyese, maliro a yani mukuikawo?" anafuula a Muriel, mlamu wawo, amayi ena ali kikiki.

"A udzudzu, alamu. Bwerani mudzayambitse nyimbo, si inu a kwaya?"

"Mukatha mukakwirirenso nyanja!"

"Nyanja ili ndi mafunde. Dzenje lanuli lili ndi inu nokha."

Miseche inayenda mpaka kumudzi wa Khuyu, yoti chisoni chawazunguza mutu. Iwo osatekeseka. Mvula ikangokata, khasu paphewa. Lucy ankamuperekeza okha kusikelo, mankhwala ankamwa iwo akuona, ndipo neti yogonamo anawamana amuna awo amene ankafuna kukakokera usipa.

Mwana wa Lucy, Cindy, anabadwa pa 2 Juni 2002. Dzinja lotsatira, mwana wa a Muriel atagonekedwa kuchipatala thupi lili moto, a Muriel anabwera m'mawa maso ali pansi, khasu m'manja. Anayamba kukwirira maenje limodzi. Pofika 2004, mayi wosiya dzenje losakwirira ndiye ankasekedwa kudooko.

Malungo sanathe pachilumba, ndipo Cindy anamugwira kamodzi, koma anathamangira naye kuchipatala n'kuchira. Lolemba pa 5 Januwale 2009 anayamba Sitandade 1. Agogo ake anamuperekeza akuvina chioda njira yonse, mwana akuwakoka chitenje.

"Agogo, basi! Anzanga akuona!"