Nsanja ya a Sipanala

Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso chokha. Kuntchito, kunyumba ngakhale kuchipatala, aliyense ankawatchula kuti a Sipanala, ndipo eni ake ankavomera mosanyinyirika. Anagwira umakaniko zaka makumi anayi pa kampani ina ya mabasi, ndipo zaka zonsezo anazithera m'dzenje. Basi inkabwera n'kuima pamwamba, iwo n'kutsikira pansi, tochi kukamwa, girizi mpaka m'makutu. Mabasiwo ankawadziwira kumimba. Mukanawalozera basi ili pamsewu ndi utoto wake wonse, akanakuuzani kuti sanaionepo. Koma kungosuzumira kunsi, ankatchula nambala yake, dalaivala wake, ndi bampu imene dalaivalayo anaidumpha mwamwano.

Atapuma pantchito, anthu ankati apumadi. Kupuma kwake kuti! Kunyumba kunali galaja, ndipo m'galajamo munali galimoto yawo yakale, yaitali, ya keriya pamwamba, imene sinkasowa kodwala. Dzenje munalibe, choncho ankachita zomwe ankachita Loweruka lililonse chikwatirireni: kuyala katoni, kukweza ndi jeke, n'kulowa chagada. Aneba nawo anayamba kubweretsa zawo. Uyu buleki ikulira, uyu ekizozi yagwa, a Sipanala onsewo ankawalandira mokalipa koma mtima uli mbee.

Lachiwiri lina m'mawa analowa bwinobwino, koma kutuluka kunakanika. Msana unangoti gwa. Anayesa kutembenuka, anayesa kutukwana, sizinathandize. Mapeto ake anaitana akazi awo, ndipo mayiwo anawatulutsa pokoka katoni ngati akukoka thumba la simenti. Dokotala sanazungulire: kugona pasimenti, kugwada ndi kuwerama zithe, apo ayi tsiku lina sadzadzukanso. A Sipanala anagwedeza mutu ngati munthu wakumva. Mayi ankaudziwa bwino mutu umenewo.

"Bambo, mundimvetsetse," anatero atangofika kunyumba. "Ndikadzakupezaninso mutagona, mutagwada kapena mutawerama pansi pa galimoto, galaja ija ndikiya. Zida zonse ndipatsa achimwene."

Achimwene awowo anali mlamu wa a Sipanala, munthu wowotcherera zitsulo, amene kwa zaka zambiri ankati akabwera kudzacheza amapatsa moni bokosi la zida asanapatse moni mwini wake. A Sipanala anaseka, koma kunena zoona anachita mantha. Akazi awo sankaopseza chabe. Ndipo munthu amene manja ake akhala akuda moyo wake wonse sadziwa chochita ndi manja oyera. Ankadziona atakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akuwerenga magalimoto a eni ake akudutsa, ndipo tulo tinkawathawa.

Nzeru inawabwerera pa sabata yachitatu. Ngati iwo sangatsikire kwa galimoto, galimotoyo ikwere. Anapita kusitolo yogulitsa makina a m'magalaja, ndipo wogulitsa, bambo wa tayi ndi manja osalala, anawaonetsa mitundu iwiri ya makina okwezera galimoto. Oyamba anali a mizati iwiri, okhala ndi mikono yolowetsa kunsi kwa galimoto.

"Mikonoyi amailowetsa bwanji?" anafunsa a Sipanala.

"Mumangogwada pang'ono n'kusuzumira, kuti igwire malo oyenera."

"Kugwada? Chotsani, musandithetsere banja."

Achiwiri anali a mizati inayi, ndi tinjira tiwiri tachitsulo pomwe matayala amaponda. Galimoto umangoiyendetsa n'kukwera, kudina batani, yokha n'kumapita m'mwamba. Palibe kugwada, palibe kupemphera kuti isapendekeke. A Sipanala anazungulira makinawo katatu, kugogoda mzati uliwonse, kununkhiza ndi oyilo yemwe.

"Tsono tidziwe za galaja yanu," anatero wogulitsa uja, atatenga cholembera. "Pansi pake n'polimba bwanji? Ndiye kenako tione za..."

"Pansi? Achimwene, mwafunsa mwini wake."

Anamuphunzitsa za pansi kwa theka la ola: simenti yosweka, simenti yonama, simenti yomwa oyilo, ndi dzenje lina limene linagumuka chaka chimene wogulitsayo anali asanamere mano. Munthu wa tayi uja anayesa kawiri kulowetsa funso lake lachiwiri, kenako anatopa, n'kubweza cholembera m'thumba.

Kukonzekera kwake kunali kwa munthu wodziwa ntchito, zimenezo tisawamane. Anagumulitsa simenti yakale yonse. Anaitanitsa miyala, mchenga wotsuka ndi zitsulo zoluka, n'kuthiritsa konkire yokhuthala kuposa mmene buku la makinawo linkanenera. Iwo ankangoloza ndi ndodo ataimirira, chifukwa mayi ankasuzumira pawindo. Kwa masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu ankaithirira madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo mphaka wa aneba atapondapo anamuthamangitsa mpaka kumpanda, kuiwala kuti ndi odwala msana. Anayeza m'litali, anayeza m'lifupi, anayeza chopingasa, anayeza khomo. Levulo yoyezera kuwongoka anaiika paliponse mpaka kadontho kake kanatopa. Mwezi wathunthu maso awo anali pansi ngati munthu wotaya singano.

Makina atafika pa lole, ali zidutswazidutswa, mayi anatuluka ndi tepi yawo yosokera m'khosi.

"Ndiye nsanja yanu ndi imeneyi?"

"Si nsanja, amayi. Ndi makina."

Kuyambira tsiku limenelo, msewu wonse unkati nsanja.

Kumanga kunatenga masiku atatu, ndipo wothandiza anali mlamu yemwe uja, pakuti zitsulozo zinali zolemera ndipo iye anali ndi mapewa. Anaimika mizati, kulumikiza zopingasa, kugoneka tinjira tija, kenako n'kuyamba kupisa zingwe zachitsulo m'timawilo take. Apa mpamene panali ndewu. Chingwe chilichonse chinali ndi mzati wake, ndipo mlamu ankati akasokoneza, mankhwala ake anali amodzi.

"Tingowotcherera, alamu, zithe."

"Mukangoyatsa moto wanuwo muno, mlongo wanu akhala wopanda mchimwene."

Anamasula, kuyambiranso. Anathira oyilo mu pampu, kulumikiza magetsi, kuwongola mzati uliwonse ndi timalata topyapyala mpaka levulo inavomera. Pomaliza anaboola konkire ija kuti amange mabawuti a mizati, ndipo inadya nsonga ziwiri za dirilo. A Sipanala anasangalala ngati mwana wawo wapambana mayeso. Atayesa makinawo opanda kanthu, tinjira tinakwera mpaka kumapeto, maloko oletsa tinjirato kutsika akulira motsatana, ke, ke, ke. Palibe chinakhudza kanthu.

Loweruka m'mawa aneba anadzaza pakhomo la galaja. A Sipanala anavala ovolosi yochapa, anakweza galimoto yawo patinjira, anaika zotchinga kumatayala, n'kudina batani ndi chala chimodzi kuti onse aone kuphweka kwake. Galimoto inanyamuka. Tinjira tinafika m'maondo mwawo, tinafika m'chiuno, tinayamba kulunjika pachifuwa. Iwo maso anali kunsi kwa galimoto, akumwetulira ngati aona m'bale wawo akutsika basi.

"Imitsani! Alamu, imitsani!"

Phwa! Babu la magetsi linasweka, ndipo keriya inagunda china chake cholimba. A Sipanala anachotsa chala. Kenako anachita chinthu chimene sanachitepo m'galajamo chilowereni m'nyumbayo: anakweza mutu. Pamwamba pa galimoto panali mtanda wa konkire, wonenepa, wodutsa kuchokera khoma ili kufika khoma linalo.

"Mtanda umenewu wabwera liti?"

"Tinaupeza, bambo," anayankha mayi. "Unalipo ana asanabadwe."

Ndi mmene zinalili. Munthu wa m'dzenje sada nkhawa ndi denga. Zaka makumi anayi, denga lawo linali mimba ya basi, ndipo zoti galimoto ili ndi msana umene umafunanso malo sizinawadutsepo m'mutu ngakhale kamodzi. Aneba anayesetsa kugwira pakamwa, koma mmodzi kumbuyo analephera, ndipo atangoyamba iyeyo onse anamasuka.

A Sipanala sanagonje msanga. Anatsitsa galimoto, kumasula keriya, n'kukwezanso: anapindula chikhatho chimodzi. Anaphwetsa matayala onse anayi: zala zitatu. Tinjira tinaima pachifuwa pawo penipeni, osapitirira. Kuti alowe pansipo, ankayenera kuwerama ngati akupempha chikhululukiro. Mlamu anati adule mtanda, koma mtandawo ndi umene unanyamula denga la nyumba yonse. Wina anati akumbe pakati, koma kukumba kukanafooketsa pomwe panamangidwa mizati, ndiponso ndani akanaswa konkire yodya madirilo ija? Anali atadzitsekera okha, ndi ntchito yabwino kwambiri imene anaigwirapo.

"Musadandaule, alamu," anatero mlamu akusisita bokosi la zida. "Ndizizipukuta tsiku lililonse. Muzibwera kudzaziona."

Pofika masana anthu onse anali atabalalika, ndipo mayi anali atabwerera kukasoka. A Sipanala anatsala okha, galimoto ili m'mwamba pa maloko ake, mimba yake yonse ili poyera, yokongola, kadontho ka oyilo kakulendewera pa giyabokosi ngati kakuwaitana. Kuwerama kamodzi kokha, ndani akanaona? Anapinda khosi pang'ono, msana n'kuwakumbutsa kuti ulipo. Anaimirira nthawi yaitali. Anali munthu wamakani, koma anali asananamizepo akazi awo, ndipo sanafune kuyamba bodza ali ndi imvi. Anachotsa kiyi wa galaja pamsomali, n'kulowa m'nyumba.

Anapeza mayi akupinda nsalu ya katani pamakina. Anaika kiyiyo pambali pa sizasi.

"Amayi, zandikanika. Kiyi uyu. Achimwene anu abwere ndi wilibala."

Mawu anatuluka okhwima. Mayi anayang'ana kiyi, anayang'ana amuna awo, n'kupitiriza kusoka mpaka msoko unatha. Anadula ulusi ndi mano. Kenako anaimirira, kugwira mpando umene anakhalirawo, wa timatayala, wotsamira, umene anapatsidwa potsanzikana ku ofesi komwe ankataipa makalata, n'kuyamba kuukankha m'kakhonde ka m'nyumba.

"Tsegulani chitseko, musangoima ngati mzati wachisanu."

Atafika m'galaja, anatsitsa mpandowo mpaka pansi pake penipeni.

"Maloko agwira?"

"Agwira onse anayi."

"Khalani."

A Sipanala anakhala, ndipo mayi anawakankhira pansi pa galimoto. Mutu unadutsa bwinobwino, n'kutsala malo a chikhatho. Msana unali chilili, utatsamira. Anatambasula dzanja, n'kugwira giyabokosi osadzuka. Anadzikankha ndi phazi, mpando n'kuwapereka ku ekizozi. Anadzikankhanso, n'kupezeka ali ku mabuleki akutsogolo. Anazungulira kawiri, mwina katatu, ndipo kachitatuko kanalibe chifukwa chilichonse.

"Nanga inu muzisokera pati?" anafunsa ali pansipo.

"Mipando m'nyumba muno ilimo. Mwamuna ndiye ndili naye mmodzi."

Mayi anatenga chitini cha penti chopanda kanthu, kuchivundikira, n'kukhala pambali pawo. Anayang'ana m'mwamba, mapaipi ndi dzimbiri ndi matope ouma, n'kupukusa mutu.

"Ndiye zimene munkandisiyira ndi zimenezi? Ine ndimayesa kuli maluwa."

A Sipanala anayamba kufotokoza ntchito ya chilichonse, koma anaona kuti mayi sakuyang'ana kumene iwo akuloza. Ankayang'ana iwowo.

"Mukudziwa, bambo," anatero mayi, "chikwatiwireni ine ndakhala ndikulankhula ndi nsapato zanu zitasuzumira kunja kwa galimoto. Tiyi ndinkauza nsapato kuti wazizira. Zoti ndili ndi pakati pa mwana woyamba ndinauza nsapato. Kiyi wanuyo ndikanatani naye ine? Ndimangofuna ndizikuonani nkhope mukamagwira ntchito."

A Sipanala anatsokomola, anapukuta m'maso ndi mkono wa ovolosi, n'kunena kuti dzimbiri lawagwera. Kenako anatambasula dzanja osacheuka.

"Tandipatsirani sipanala ya teni."

Mayi anafufuza m'bokosi n'kuwapatsa pulayala. Iwo anailandira ndi manja awiri, n'kuyamba kufunafuna poigwiritsa ntchito.